Mwatuluka pa belo, koma mlandu ukadalipo: yankho kwa bambo a ku Chinamwali, ku Zomba

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mumapikula nsomba zouma ku Kachulu n'kukagulitsa ku Limbe. Munakangana ndi munthu woyandikana naye nyumba pa nkhani ya ngongole, iye n'kukugwirani pakhosi, inu n'kumukankha, ndipo anagwera pamwala n'kutemeka pamphumi. Khoti lakutulutsani pa belo ndi malamulo atatu: muzikaonekera ku polisi Lachisanu pakatha sabata ziwiri zilizonse, musatuluke m'boma la Zomba popanda chilolezo, komanso musayankhule ndi mboni. Mukufunsa kuti geni yanu iyenda bwanji, mutani poti madzi mumatunga pamjigo umodzi ndi wodandaulayo, ndiponso ngati amalume anu angapite kukapepesa.

Ndiyambe ndi belo, chifukwa anthu ambiri amene ndawaona akubwerera ku rimandi ku ndende ya Zomba sanagwe ndi mlandu weniweniwo, anagwa ndi kapepala ka belo kamene sanakawerenge bwino. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo mpaka khoti litagamula, inu ndinu wosalakwa. Koma ufulu umenewu mwaulandira ndi lonjezo. Mukaphwanya lonjezolo, woimira boma pa mlandu angapemphe kuti belo ichotsedwe, ndipo abale awiri aja amene anasaina kuti akuimirani angauzidwe kuti alipire ndalama imene analonjeza.

Nkhani ya ku Limbe ndiyo ikundidetsa nkhawa. Ku Kachulu pitani, ndi m'boma la Zomba momwemo. Koma Limbe ndi boma lina, ndipo musanene kuti "ndingopita m'mawa, madzulo ndabwera, adziwa ndani?" Wodandaulayo mumakhala naye moyandikana, amaona thumba la nsomba likukwezedwa pa kabaza mbandakucha. Yang'anani pa pepalalo kuti chilolezo akuti chichokere kwa ndani, khoti kapena apolisi, ndipo muchitenge cholembedwa. Njira yabwino koposa n'kubwerera ku khoti lomwelo n'kupempha majisitireti kuti asinthe lamulolo. Mukafotokoze kuti banja lanu limadya kuchokera ku nsombazo, mutchule masiku amene mumayenda, muonetse kuti simunajombepo ku polisi. Makhoti amamva pempho lotere, makamaka kwa munthu amene wabwera yekha asanalakwitse. Maliro akagwa kunja kwa boma, chitaninso chimodzimodzi, musanakwere minibasi.

Gulani kope la ana asukulu, wapolisi azisainamo ndi kulemba tsiku nthawi iliyonse mukakaonekera. Mukadwala, tumani mmodzi wa okuimirani aja ndi buku lanu la kuchipatala tsiku lomwelo. Tsiku la khoti musajombe ngakhale mlandu utaimitsidwa kasanu, chifukwa kujomba kamodzi kokha kungachititse kuti khoti litulutse kalata yokumangani.

Za pamjigo: kukumana mwangozi si mlandu, koma pakamwa ndi pamene pamapsetsa. Kwa miyezi ino, madzi azikatunga ena, ndipo mayi a kunyumba ndi ana muwauze kuti nkhaniyi asaitchule kumeneko. Uthenga wa pa WhatsApp ndi kuyankhulanso. Kutuma mnzanu kukanena kuti "angousiya mlanduwu" ndi kuyankhulanso. Wodandaulayo akakuputani, chokanipo, mukanene kwa wapolisi amene akufufuza mlandu wanu.

Amalume anu akufuna zabwino, ndipo mwambo wathu wokhalirana pansi sindiunyoza ngakhale pang'ono. Malamulo oyendetsera milandu amalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu yaing'ono yomenyana. Koma mlandu ukafika ku khoti umakhala wa boma, sungathere pakhonde pa nyakwawa. Amalume akapita okha ndi ndalama m'thumba, mawa lake zidzamveka kuti mumagula mboni. Nenani m'khoti, kapena kudzera mwa loya, kuti mbali yanu ikufuna kukambirana, kuti khoti lidziwe ndi kuloleza.

Tsopano mlandu weniweniwo. Funsani kuti akukuzengani pa gawo liti la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake. Gawo 253 ndi la kumenya wamba, chilango chake sichiposa chaka chimodzi. Gawo 254 ndi la kumenya n'kuvulaza, mpaka zaka 5. Gawo 238 ndi la kuvulaza modetsa nkhawa, mpaka zaka 14. Izi ndi zilango zapamwamba. Wopalamula koyamba kawirikawiri salandira zonsezo. Chimene chimasiyanitsa magawowa nthawi zambiri ndi lipoti la kuchipatala, choncho pemphani kuti mulione pamodzi ndi zimene mboni zinanena ku polisi.

Akakuwerengerani mlandu n'kufunsa ngati mukuvomera, musafulumire kunena kuti "eya" chifukwa choti munamukankhadi. Ndaonapo bambo wina wachikulire, chipewa chili m'manja, akuvomera mwaulemu poganiza kuti kukana n'kuderera khoti, pamene anali ndi chifukwa chomveka. Lamulo limalola munthu kudziteteza, bola mphamvu imene wagwiritsa ntchito ikhale yolingana ndi choopsa chimene chinali patsogolo pake. Kukankha munthu amene wakugwirani pakhosi n'kosiyana ndi kumutsatira ndi chibonga iye atagwa kale. Ngati zinachitika monga mwalemberamu, kanani mlanduwo. Udindo wotsimikizira khoti kuti simunali kudziteteza uli ndi boma, osati inu.

Konzekani lero, zinthu zisanaiwalike. Lembani zonse motsatana: nthawi, malo, amene analipo, mawu amene ananenedwa. Ngati pakhosi panu pali zikande za zala, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena chaching'ono chapafupi akalembe, mujambulenso chithunzi. Ngati malaya anu anang'ambika, musawasoke. Anthu amene anaona, ngati sali pa mndandanda wa mboni za boma, angakhale mboni zanu. Wodandaula akamaliza kupereka umboni, mudzapatsidwa mpata womufunsa mafunso. Musakangane naye. Mufunseni mwachidule: anayamba kugwira mnzake ndani, dzanja lake linali pati, anagwa chifukwa chiyani. Chimene simunachitsutse pa nthawi imeneyo, khoti lingachitenge ngati mwagwirizana nacho.

Ngati ndalama ya loya palibe, ofesi ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa loya, ilipo mu Zomba momwemo. Pitani sabata ino tsiku la khoti lisanayandikire, mutatenga pepala la belo, pepala la mlandu ndi kope lija.