Mpira kapena gulu lolondera? Yambani ndi anyamata ochepa amene amanyamula mipeni

Amayi, ndawerenga funso lanu. Mwati anyamata a m'dera lanu akumenyana ndi kubayana usiku, ndipo komiti yanu yagawikana: ena akufuna mpikisano wa mpira, ena akufuna gulu lolondera loti likagwira mnyamata lizimukwapula. Mukufunsa kuti muyambe ndi chiti.

Ine ndikanati ziwirizo muziike kaye pambali. Khalani pansi anthu ochepa osunga chinsinsi, monga mphunzitsi, namwino, m'busa kapena shehe, ndi wina amene anakhalapo m'magulu amenewa, mufunsane mayina. Ndani kwenikweni amene amayenda ndi mpeni? Anabayidwa ndani, ndipo mnzake wapamtima ndi ndani? Mudzaona kuti mayinawo ndi ochepa kwambiri. Ku Boston, ku America, ofufuza anapeza kuti anyamata a m'magulu achiwawa anali pafupifupi mmodzi pa achinyamata 100 aliwonse a mumzindawo, koma imfa zoposa theka za achinyamata ophedwa zinkachokera m'mikangano yawo. Mu 1996 apolisi, abusa ndi ogwira ntchito zothandiza achinyamata anayamba kuitana anyamatawo pamaso ndi pamaso. Ankawauza mosabisa kuti wina wa gulu lanu akapha munthu, lamulo lidzagwera gulu lonse, koma amene akufuna kutuluka, thandizo la sukulu ndi ntchito nali. Imfa za achinyamata zinatsika kwambiri m'zaka zotsatira.

Vuto la mpira ndi lakuti amabwera ndi ana omwe anali kale osavuta. Sindikuunyoza ayi, mwana akhale pabwalo kusiyana ndi kungoyendayenda, koma uja wobisa mpeni m'sokosi simudzamuona pa ndandanda ya timu.

Chimene chimakulitsa ziwawa ndi kubwezera. Mnyamata akabayidwa lero, anzake amagona akukonza za mawa, ndipo maola oyambirira amenewo ndiwo ofunika kuposa msonkhano uliwonse wa komiti. Dokotala wina, Gary Slutkin, amene anagwirapo ntchito yolimbana ndi miliri ku Africa, anayambitsa ntchito mumzinda wa Chicago, ku America, mu 2000 potengera maganizo amenewa, kuti chiwawa chimapatsirana ngati matenda. Analemba ntchito anthu amene kale anali m'magulu, ena otuluka kundende, kuti pakangochitika chinthu azithamangira kuchipatala ndi kwa anzake a wovulalayo, kukakhala nawo mpaka mitima itsike. Anyamata amamvera munthu wotere chifukwa amadziwa kuti sakuwanamiza, anadutsamo yekha. Koma anthuwa amafunika malipiro ndi wowayang'anira, ndipo asamakhale akazitape a polisi. Akangodziwika kuti amakanena, palibenso amene adzawatsegulire chitseko. M'mizinda ina njirayi sinapindule kwenikweni, choncho kusankha anthu ake musakuchite mopupuluma.

Za kukwapula ndikukana ndithu. Mnyamata wokwapulidwa pagulu amachoka ndi manyazi ndi mkwiyo, ndipo mwangomupatsa adani atsopano oti abwezere. Tsiku lina mudzamenya wosalakwa, kapena wina adzafera m'manja mwanu, n'kukhala mlandu wa komiti yonse. Ngakhale kuopseza chabe sikuthandiza. Ku America ankatenga ana ovuta kukawaonetsa moyo wa kundende kuti achite mantha, koma kafukufuku anaonetsa kuti ana otengedwawo ankapalamula kwambiri kuposa anzawo amene sanapite. Ngati mukufuna kulondera, londerani pamodzi ndi apolisi, ndipo wogwidwa aperekedwe m'manja mwawo ali bwinobwino.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ine ndi cha ku Monrovia, ku Liberia. Ofufuza anasonkhanitsa anyamata pafupifupi 1,000 a m'misewu, ambiri akuba ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Ena anaphunzitsidwa kwa masabata 8 kuugwira mtima, kuganiza asanachite chinthu, kusamba ndi kuvala ngati munthu wolowa m'banki mopanda mantha. Ena anapatsidwa madola 200, ndipo ena analandira zonse ziwiri. Amene analandira ndalama zokha anabwerera msanga ku zakale. Amene analandira zonse ziwiri anachepetsa kuba ndi ndewu, ndipo atawayenderanso patapita zaka 10, kusiyanako kunali kukuonekabe. Aphunzitsi awo ambiri anali anthu ochokera m'moyo womwewo.

Funsaninso kuchipatala chapafupi. Mumzinda wa Cardiff, ku Britain, dokotala Jonathan Shepherd anaona kuti ovulala ambiri amene ankawasoka sankafika kupolisi n'komwe. Chipatala chinayamba kupereka malo, nthawi ndi chida chimene chinagwiritsidwa ntchito, popanda mayina, ndipo zinaoneka kuti ndewu zimabwerezabwereza pamalo omweomwewo. Inunso mukadziwa ngodya ziwiri kapena zitatu zimene magazi amakhetsedwa, mudzadziwa poika nyale, potchetcha tchire, ndi malo omwera mowa oti mukakambirane ndi mwini wake za nthawi yotsekera. Mpira uja ubwere pambuyo pake, ndipo muuike madzulo a masiku amene ndewu zimachuluka.