Kodi dzina la agogo anu lidakali m'kaundula wa sukulu?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Johannesburg. Agogo awo aamuna anaphunzira pasukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) ku Blantyre cha m'ma 1940, ndiye akufunsa ngati dzina lawo lingapezeke m'mabuku a sukuluyo. Mayi, mwanditosa pachilonda.

Bambo anga anali aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale mutauni, dzina lake sinditchula. Atamwalira ndinapitako kukafuna logibuku, buku lija ahedi ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, poganiza kuti ndionamo tsiku limene bambo anayamba ntchito. Ahedi anandilandira bwino, nanditsegulira kachipinda kuseri kwa ofesi. Munali makasu, madesiki othyoka, matumba a ufa wa phala, ndipo pakona panali mulu wa marejisita, theka lake chiswe chitamanga nyumba. Ndinatola limodzi, chikuto chinatsala m'manja, masamba n'kuyoyoka. Mlonda anandiuza mosabisa kuti ena anawotchedwa patsiku loyeretsa pasukulu, ena amayi a pageti anakulungira mandasi. Logibuku palibe amene analionapo.

Ahediwo sindiwaimba mlandu, anapeza zili choncho. Amene ndili nawo mangawa ndi ife ophunzira akale. Timasonkha ndalama pa WhatsApp za penti, za matenti, za malaya olemba dzina la sukulu, koma kabati yachitsulo yokhala ndi loko palibe amaiganizira. Timakonda kudzitama kuti Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, koma funsani kuti kaundula woyamba ali kuti, anthu amangoyang'anizana. Ena amathamangira kunena za moto umene unapsereza mafayilo a boma ku Zomba mu 1919. Motowo unalipodi, koma marejisita a 1975 sanapse ndi moto wa 1919. Tinawataya ndife.

Mayi, mwayi wanu ndi woti HHI ndi sukulu ya mishoni. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876 pamalo amene anasankha Henry Henderson, ndipo sukulu yotchedwa dzina lake inatsegulidwa mu 1909, pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene anamaliza kumanga mu 1891. Amishoni a ku Scotland, kaya tiwanene zotani, ankalemba chilichonse chifukwa kwawo kunali owafunsa za ndalama. Makalata ndi malipoti ankapita ku Edinburgh, ndipo kumeneko chiswe sichinawapeze. Zimandipweteka kuti mbiri ya sukulu ya mu Blantyre ungaiwerenge bwino uli ku Ulaya, koma zili choncho.

Ndiye muyambire pati?

Lemberani sukuluyo komanso ofesi ya Sinodi ya Blantyre, ndipo mufunsenso kaundula wa ubatizo, chifukwa mipingo imausamala kuposa mmene sukulu zimasamalira marejisita. Kenako National Archives ku Zomba, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko, imene inayamba mu 1947, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Zikakanika, yesani National Library of Scotland ku Edinburgh kuja. Tumizani wachibale apite yekha, imelo yokha sikwanira. Atenge mayina onse a agogowo, laubwana, laubatizo ndi la bambo awo, komanso mudzi ndi mfumu, poti azungu ankalemba mayina athu mmene anawamvera.