Kabokosi ka Maximize Compatibility: ndizikachonga kapena ayi?

FUNSO: Ine ndimajambula zithunzi za maukwati kuno ku Kalingalinga, ndipo ndimakonzanso zikwangwani pa Photoshop. Ndikamasunga fayilo ya PSD yokhala ndi maleya, pamatuluka kabokosi kolembedwa kuti Maximize Compatibility, ndipo mnzanga anandilangiza kuti ndisamakachonge pofuna kuti fayilo isakule. Mwezi watha ndinakonza chikwangwani cha gulu lathu lopita ku Kulamba ku Mkaika, koma nditapita nacho pa fulashi kwa osindikiza m'tauni, pa kompyuta yawo panangooneka poyera. Kodi vuto ndi fayilo yanga kapena makina awo? (Bambo wa ku Kalingalinga, Lusaka)

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sananame pa nkhani ya kukula kwa fayilo, koma malangizo akewo ndi amene anakubwezani m'tauni chimanjamanja, ndipo osindikiza aja alibe mlandu.

Kuyambira pa Photoshop 3.0 ya mu 1994, chithunzi chimatha kukhala ndi maleya, omwe ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana: pansi pali chithunzi cha gulu lanu, pamwamba pake mtundu umene munapaka kumbuyo kwa anthu, ndipo pamwamba penipeni pali zilembo za dzina la gulu. Fayilo ya PSD imasunga mapepala amenewa padera padera, ndipo nthawi iliyonse mukaitsegula, Photoshop imawasanjanso yokha, kuwerengera mithunzi ndi kusakanikirana kwa mitundu, kenako n'kukuonetsani chithunzi chathunthu. Mapulogalamu ena ambiri sadziwa kuwerengera zonsezi, choncho amangofunafuna chithunzi chophatikiza kale m'kati mwa fayiloyo. Kabokosi kaja ntchito yake ndi imeneyi basi: mukakachonga, Photoshop imaika m'fayilomo chithunzi chimodzi chosalazidwa, kutanthauza chophatikiza maleya onse pamodzi, pambali pa maleya anu, osachotsa leya ngakhale imodzi. Mukapanda kukachonga, pulogalamu ina imatha kuonetsa poyera, kapena uthenga wonena kuti fayiloyo inasungidwa yopanda chithunzi chophatikiza.

Popeza ndinu wojambula maukwati, dziwaninso kuti Lightroom, pulogalamu yosanjira ndi kukonzera zithunzi, imakaniratu kulandira fayilo ya PSD ya maleya imene inasungidwa kabokosiko kasanachongedwe. Ine ndimaona kuti chifukwa chokhachi n'chokwanira, pakuti munthu wosanja zithunzi mazanamazana za ukwati umodzi sangamabwerere kukatsegula fayilo iliyonse payokha kuti aisungenso.

Langizo langa ndi lakuti musamadikire kufunsidwa. Mu Photoshop ya pa Windows pitani pa Edit, kenako Preferences, kenako File Handling, ndipo pa mzere wa Maximize PSD and PSB File Compatibility mupeza zosankha zitatu: Never, Always ndi Ask. Photoshop imabwera ili pa Ask, n'chifukwa chake imakufunsani nthawi zonse. Sankhani Always. Ndikudziwa kuti mabandulo a intaneti sachedwa kutha ndipo fulashi imadzaza msanga, koma chimene chikuwonjezeka m'fayilo ndi chithunzi chimodzi chokha, ndipo pa ntchito ya maleya ambirimbiri gawo limeneli ndi laling'ono poyerekeza ndi fayilo yonse.

Pali chinthu china chimene ambiri amachimva molakwa. Kuchonga kabokosiko sikuchititsa kuti pulogalamu ina izitha kusintha maleya anu monga mmene Photoshop imachitira. GIMP, mwachitsanzo, imatsegula PSD, koma maleya ena osinthira kuwala ndi mitundu satuluka monga munawasiyira. Ndiponso Photoshop yakale siidziwa zida zatsopano zimene zinabwera pambuyo pake; chimene kabokosiko kamateteza ndi maonekedwe a chithunzi chomaliza.

Pa zikwangwani zikuluzikulu samalaninso malire. PSD siipitirira mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 30,000 m'litali kapena m'lifupi, ndipo siiposa 2 GB. Mukadutsa pamenepo muyenera kusunga ngati PSB, fayilo ya Photoshop ya zithunzi zikuluzikulu, yomwe imafika mapikiselo 300,000, koma ndi mapulogalamu ochepa amene amaitsegula. Mtundu wina wa fayilo wotchedwa TIFF umasunga maleya pamodzi ndi chithunzi chophatikiza, ndipo umafika 4 GB.

Kwa osindikiza, komabe, musamapite ndi fayilo yanu yogwirira ntchito. PSD ya maleya izikhala kunyumba, ndipo iwo muziwapatsa kope losalazidwa la TIFF kapena PDF, mutawafunsa kaye kukula ndi mtundu wa fayilo umene makina awo amafuna. Chikwangwani cha ku Kulamba chija sichinawonongeke: chitseguleni mu Photoshop, musankhe Save As, muchonge kabokosiko ngati katuluka, ndipo muchite chimodzimodzi ndi mafayilo ena onse amene munasunga motsatira malangizo a mnzanu uja.