Tatum, Evans kapena Jarrett: muyambire pati?

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Art Tatum, Bill Evans ndi Keith Jarrett katswiri wopeka nyimbo za jazi pompopompo pa piyano ndi uti, komanso kuti muyambe ndi chimbale chiti. Mukawayeza ndi liwiro la zala, Tatum awasiya kutali enawo ndipo nkhani ithera pomwepo musanamve kanthu. Koma atatuwa sapeka zofanana.

Tatum ankatenga nyimbo yoti aliyense akuidziwa n'kuisintha makodi apansi (kodi ndi manoti angapo olizidwa pamodzi), mutu wake, kutanthauza chuni chake, uli womwewo. Mverani "Tea for Two" ya mu 1933. Dzanja lamanzere likumenya noti yapansi pa kugunda koyamba ndi kwachitatu, kodi pa kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo nthawi zambiri likutambasuka makiyi oyera 10 nthawi imodzi. Zimbale za nthawi imeneyo, zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkalowa mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono mbali imodzi, n'chifukwa chake zonse zimamveka zothinana. Kuti mumumve ali phee, funani zomwe wotulutsa zimbale Norman Granz adayamba kumujambula payekha mu 1953. Pomwe ndimamuchotsera ndi apa: nyimbo zambiri adazikonzeratu kaimbidwe, moti mukamva imodzimodzi ya zaka zosiyana mupeza mitsetse yambiri ili pamalo omwewo. Pa makodi palibe womufika, koma si zonse zobadwa usiku womwewo.

Evans ndi wina. Luso lake limaoneka akakhala ndi anzake awiri. Pa 25 June 1961 adajambulidwa ku kalabu ya Village Vanguard mu New York ndi Scott LaFaro pa besi ndi Paul Motian pa ng'oma, ndipo tsiku limenelo lidabala zimbale ziwiri, Sunday at the Village Vanguard ndi Waltz for Debby. LaFaro adamwalira pa ngozi ya galimoto patangotha masiku 11, zomvetsa chisoni kwambiri mukamva mmene ankayankhirana. Tcherani khutu kudzanja lamanzere la Evans: kawirikawiri saimba noti yomwe kodi yakhalapo, amaisiyira besi. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Akamvera pa sipika ya foni, yomwe situlutsa mawu apansi, besi imasowa, makodi a Evans amatsala ali lende, munthu n'kumati piyano yake njozizira. Valani mahedifoni. Mumva ngakhale matambula akugundana ndi anthu akucheza kumatebulo, musadabwe nazo. Chimbale cha Sunday at the Village Vanguard chomwe adachitulutsanso pa CD chili ndi "Alice in Wonderland" kawiri, yoimbidwa tsiku lomwelo. Zomwe zasintha pakati pa ziwirizo ndiye zopekedwa pompopompo, zomwe sizidasinthe n'zokonzeratu.

Jarrett, pa makonsati ake a yekha, ankakhala pampando popanda nyimbo yoyambira. The Köln Concert ya pa 24 January 1975 idaimbidwa pa piyano yaing'ono ya Bösendorfer yomwe sinali yomwe adapempha, yofooka kumakiyi apansi, yolira ngati chitini kumtunda. Ndiye adakhazikika pakati, dzanja lamanzere likubwereza kachidutswa kamodzi mwamphamvu kuti holo idzaze. M'gawo loyamba, la mphindi pafupifupi 26, amakhala nthawi yaitali pa makodi awiri okha, A minor ndi G. Ubwino wake ndi woti mumamva ganizo likubadwa, likukula, likusanduka lina. Kuipa kwake ndi koti pena amazungulira malo amodzi podikira ganizo latsopano, ndipo maikolofoni imatola kubuula kwake konse. Chimbalechi chidagulidwa kwambiri, koma musamuweruze ndi chokhachi. Sun Bear Concerts, makonsati asanu a ku Japan mu November 1976, ndiwo amasonyeza ngati munthuyo amabwereza zomwezo usiku uliwonse kapena ayi.

Chenjeraninso ndi za mu situdiyo. Nyimbo ya "Brilliant Corners" ya woimba piyano Thelonious Monk, ya mu 1956, idavuta oimba mpaka wotulutsa chimbalecho, Orrin Keepnews, adachita kulumikiza zidutswa za matepi osiyana kuti ituluke yathunthu. Njabwino zedi, koma sikukuuzani zomwe munthu angathe kamodzin'kamodzi pamaso pa anthu.

Poyerekeza, tengani nyimbo imodzi yoimbidwa ndi anthu awiri. "My Foolish Heart" ilipo ya Evans ya mu 1961 ndi ya Jarrett ndi gulu lake ku Montreux mu 2001. "Tea for Two" ilipo ya Tatum ndi ya Monk. Iliyonse muimvere katatu. Koyamba, imbani mutu wa nyimboyo chamumtima uku iye akupeka. Nyimbo zamtunduwu zambiri zimakhala ndi mabala 32 (bala ndi kagulu ka kugunda kunayi), zigawo zinayi za mabala 8, ndipo wodziwa amakuonetsani pomwe chigawo chatha ngakhale atapita kutali chotani. Mukasochera, bwererani poyambira, musapitirize. Kachiwiri tsatani dzanja lamanzere lokha. Kachitatu mverani pomwe akusiya mpata, komanso ngati kachidutswa komwe adayamba nako kakubweranso kosinthika. Monk muona kuti amaponya manoti ochepa, zala zili zowongoka, ena ogundana dala, koma mutu wa nyimbo sautaya.

Ine ndinganene kuti muyambe ndi Waltz for Debby, chifukwa mutu wa nyimbo umamveka bwino ndipo khutu limaphunzira kusiyanitsa chokonzeratu ndi chopeka. Kenako Köln, gawo loyamba lonse osadula. Tatum abwere pomaliza, nyimbo ziwiri kapena zitatu pa tsiku basi, chifukwa mukamuwunjika khutu limatopa ndipo makodi ake aja amangodutsa osawamva.