Za internship ya trading mukadali chaka choyamba

Achimwene, mwati mwangoyamba kumene BCom (digiri ya zamalonda) pa yunivesite ya Wits kuno ku Johannesburg, mtima uli pa trading (kugula ndi kugulitsa masheya, ndalama ndi zina m'misika ya zachuma), koma kulikonse kumene mwatumiza CV kuli zii, ndiye mukufunsa koyambira. Kusayankhidwako musadabwe nako. Mabanki a ku Sandton ndi Rosebank, monga RMB, Investec, Absa, Nedbank ndi Standard Bank, vac work yawo (ntchito yophunzirira) ya pa tchuthi cha June ndi July kapena cha December amakonzera makamaka ophunzira amene atsala pang'ono kumaliza digiri. Kwa iwo masabata amenewo ndi oyesera munthu woti amulembe ntchito posachedwa, ndiye wa chaka choyamba sachita naye changu.

Palinso nkhani ya mapepala. Ngati muli pa study visa, lamulo limakulolani kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndipo mapulogalamu ambiri amafuna nzika za South Africa zokha chifukwa cha malamulo a Employment Equity ndi B-BBEE, olimbikitsa kupereka mwayi kwa nzika zimene zinkasalidwa kale. Muziyamba mwawerenga mizere ya pansi pa chilengezo musanachezere usiku wonse kudzaza fomu. Sikuti onse amatseka chitseko, koma otsekawo ngochuluka.

Ine ndikanati chaka chino muchigwiritse ntchito kusonkhanitsa zoti mudzaonetse. Malikisi a masamu ndi statistics akhale okwera, poti ndi amene amasefera anthu munthu asanawerenge n'komwe kalata yanu. Excel muidziwe bwino, Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) muyambe pang'onopang'ono. Pezani anzanu mulowe JSE Investment Challenge, mpikisano wa ophunzira wokonzedwa ndi JSE (msika wa masheya wa ku Johannesburg), umene umayenda kuyambira March mpaka September, ndipo gulu lililonse limapatsidwa R1 miliyoni yongoyerekeza yogulira masheya pa mitengo yeniyeni. Kupambana n'kwabwino, koma chofunika kwambiri ndi kabuku kolembamo chifukwa chimene munagulira sheya iliyonse ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Pa interview adzakufunsani zimenezo, makamaka pamene munaluza.

Tsono pali chuma china chimene ana a kwathu amachinyozera. Pa JSE sagulitsa masheya okha, palinso msika wa mbewu, ndipo chimanga choyera chili pomwepo. Kontirakiti imodzi ndi matani 100, ndipo mtengo wake amawerengera ngati chimangacho chaperekedwa ku Randfontein, chakumadzulo kwa Johannesburg konkuno. Inuyo munakula mukuona thumba la makilogalamu 50 likukwera mtengo mu January ndi February, n'kutsika anthu akayamba kukolola mu April ndi May. Mukudziwa zimene mavenda amachita akamva kuti mvula yadula. Mu 2024, El Niño atawononga mbewu, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti kwagwa tsoka la chilala, ndipo mtengo wa chimanga choyera pa JSE unakwera kwambiri chifukwa maiko oyandikana onse ankayang'ana kuno. Muzitsata malipoti a Crop Estimates Committee, komiti yolosera kuchuluka kwa zokolola za ku South Africa, muziona mtengo ukusuntha bwanji akatuluka, n'kumalemba tsamba limodzi la maganizo anu. Mnzanu wokulira ku Sandton akhoza kukuposani pa masheya a ku America, koma pa chimanga sangakuuzeni kanthu.

N'chimodzimodzi ndi ndalama za maiko. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene timatumiza ndalama kumudzi tinaona tokha kusiyana kwa mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu. Mabanki ngati Standard Bank ndi Absa amachita malonda a ndalama za maiko ambiri a mu Africa, ndipo wophunzira wotha kufotokoza chifukwa chake dola imasowa ku Lilongwe amakumbukika.

December ikafika, ngati mukupita kumudzi, musakangokhala. Lemberanitu mabanki a ku Blantyre ndi Lilongwe kupempha attachment ku treasury (nthambi ya banki yogula ndi kugulitsa ndalama), kapena makampani ogulitsa masheya pa Malawi Stock Exchange. Kumeneko nkhani ya visa kulibe, anthu ndi ochepa, ndipo mukhoza kukhala pafupi ndi dealer weniweni n'kumamvetsera akukambirana mtengo pa foni. Ngakhale asakulipireni, masabata atatu otero pa CV ya wa chaka chachiwiri amaoneka.

Kuno, fufuzani pa LinkedIn amene anadutsa pa Wits ndipo ali ku Global Markets, nthambi ya trading m'mabanki. Musawapemphe ntchito. Alembereni mizere inayi, munene zimene mukutsata pa msika, mupemphe kukhala nawo tsiku limodzi kuti muone mmene amagwirira. Ambiri sadzayankha, musakwiye nazo. Ofesi ya uphungu ndi za ntchito ya CCDU pa Wits pomwepo imathandiza kukonza CV komanso imalengeza masiku amene makampani akubwera, pitani ndithu ngakhale akuti ndi za omaliza.

Chenjerani ndi anyamata a forex a pa Instagram, ojambulitsa atatsamira galimoto, amene amati akupatsani internship mukalipira kaye maphunziro kapena mukaika ndalama mu akaunti. Internship yeniyeni salipiritsa. Kampani iliyonse yopereka malangizo a zachuma kuno iyenera kukhala ndi nambala ya chiphaso yotchedwa FSP, ndipo mukhoza kuiona nokha pa webusaiti ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Kampani ina yonamizira trading, Mirror Trading International, inagwa mu 2020 itameza ndalama za anthu ambirimbiri amene ankalonjezedwa phindu la mwezi ndi mwezi.

Mayeso a RPE a bungwe la za misika ya zachuma la SAIFM, amene ogwira ntchito m'misika ya kuno amalemba, komanso a CFA (mayeso a pa dziko lonse a akatswiri a zachuma), asiyeni kaye. Ndalamazo zisungeni mpaka mudziwe mbali imene mukulowera. Masamba a ntchito a mabanki aja muyambe kuwayang'ana sukulu ikangotsegulira chaka chamawa, chifukwa vac work ya June amatseka kulandira makalata miyezi ingapo tchuthi chisanafike.