Yambani ndi cha Britten, koma cha Ravel chenjerani nacho

Achimwene, mwafunsa za zimbale za concerto (nyimbo ya chida chimodzi mothandizidwa ndi gulu lalikulu la oimba) ya piyano kapena ya vayolini zomwe mwini nyimboyo anatsogolera yekha oimba pojambula, komanso za masipika abwino. Ine ndiyankha za zimbalezo.

Ndiyambe ndi chenjezo. Pali concerto ya piyano ya Ravel ya mu G yomwe mayi woliza piyano Marguerite Long anajambula mu 1932. Pachikuto ambiri amalemba kuti wotsogolera anali Ravel, pomwe amene anaimirira kutsogolo kwa oimba ndi Mpwitikizi, Pedro de Freitas Branco. Ravel ankangoyang'anira. Ine ndinaigula kwa wogulitsa wina pa intaneti, mapaundi pafupifupi 20 ndi zotumizira zomwe, chifukwa cha dzina lapachikuto lija. Nditamva zoona zake mtima unandiwawa kwambiri. Mayiwo analiza bwino ndithu, koma si chimene mukufuna inuyo.

Awo akukuuzani za Rachmaninoff funso sanaliwerenge bwino. Pojambula concerto yake yachiwiri mu 1929 iye anali pa piyano, wotsogolera anali Leopold Stokowski.

Chimene sinditopa nacho ndi cha Benjamin Britten cha kampani ya Decca, chojambulidwa mu 1970 ku Snape Maltings ku England, iye mwini akutsogolera English Chamber Orchestra. Chili ndi zonse ziwiri: Sviatoslav Richter pa piyano, Mark Lubotsky pa vayolini. Ambiri amachigulira Richter, koma mvetserani gawo lomaliza la ya vayoliniyo. Britten sawathamangitsa oimba, nyimbo imanka nizilala ngati oimba pamaliro akulowera kutali, mpaka umangokhala duu. Mawu ake ndi oyera, ndipo CD yakaunjika simuyenera kulipira kupitirira mapaundi 8 kapena 10.

Cha Edward Elgar cha concerto yake ya vayolini, chomwe anatsogolera yekha mu 1932 ku situdiyo ya Abbey Road ku London, chipezeninso. Woliza vayolini, Yehudi Menuhin, anali ndi zaka 16, Elgar 75, ngati gogo ndi mdzukulu. Kungoti anachijambulira pa mbale zakale zija za 78, ndiye kaphokoso ka "shhh" kalipo. Musagule zomwe amati anachotsa phokoso lonse, chifukwa vayolini imatsala yowuma ngati waya. CD ya kampani ya Naxos Historical ili bwino.

Musanatulutse ndalama, yambani mwamvetsera pa YouTube, ndipo dzina la wotsogolera ndi chaka muziyang'ana m'kabuku kam'kati, osati pachikuto pokha.