Mwasiya nsima, tsopano mutu ukuwawa

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti anasiya nsima, mpunga, buledi ndi shuga kuti achepetse thupi, koma sabata isanathe mutu wayamba kuwawa, akaimirira akumva chizungulire, ndipo amuna awo akudandaula kuti m'kamwa mwayamba kununkha. Akufunsa kuti apitirize kapena adwala.

Achemwali, njira imeneyi ndinaiponda ine, komanso m'mwezi woipitsitsa, Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Masiku oyambirira ndinkangoyendera kuchimbudzi kukataya madzi, usiku ndi usana. Kenako kunabwera kufooka. Kuntchito ndinkayang'ana kompyuta mutu uli zii, munthu akandifunsa kanthu kakang'ono ndinkamuyankha mokalipa. Usiku akatumba a miyendo ankakokana mpaka kudzuka n'kumayendayenda m'chipinda. Ndiye mkati mwa zonsezi amayi anafika kuchokera kumudzi. Anandipeza ndikudya mazira awiri, peyala ndi bonongwe, mbale ya nsima palibe. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti ana asamve: "Kodi mwanawe, ufa unatha? Bwanji osanena?" Atabwerera anatumiza thumba la mgaiwa pa basi. Kwa iwo munthu amene sanagwire nsima wagona ndi njala, ngakhale atamaliza nkhuku yonse.

Sikelo nayo inandinamiza mokoma. Makilogalamu anagwa mofulumira, ine n'kumaimba lokoma. Koma zambiri zimene zimachoka sabata yoyamba si mafuta, ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu mwa munthu wamkulu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayu imagwira madzi okwana magalamu atatu. Mukasiya zakudya zokhutitsa, thupi limayamba kudya nkhokwe imeneyo, madzi aja n'kutuluka. Insulin, yomwe imawongolera shuga m'magazi, nayo imatsika, ndipo ikatsika impso zimataya mchere wambiri mu mkodzo. Mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi mtima kuthamanga, gwero lake lalikulu ndi limenelo: madzi ndi mchere. Fungo la m'kamwa ndi nkhani ina. Thupi likayamba kuwotcha mafuta limapanga ma ketone, ndipo ena mwa iwo amatuluka ndi mpweya. Mswachi suthandiza kwenikweni.

Tsono pano ndilankhule zimene zimandinyansa. Kadyedwe aka ambiri tinakamva kwa abale a ku Joni, komwe amakatcha Banting. Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndiye anakatchukitsa kumeneko, ndipo dzinalo ndi la William Banting, bambo wa ku London amene analemba za kuchepa kwa thupi lake mu 1863. Keto, yomwe ndi mtundu wina wa kadyedwe komweka ndipo imafuna kuti musapyole magalamu 50 a zokhutitsa pa tsiku, inayamba m'zaka za m'ma 1920 ngati chithandizo cha ana odwala khunyu. Lero yafika m'magulu a WhatsApp, ikuphunzitsidwa ndi anthu ogulitsa tiyi wochepetsa mimba, ndipo mndandanda wawo wa zakudya ndi tchizi, bekoni ndi ufa wa almond. Ndani angakwanitse zimenezo mwezi wonse? Ndipo n'chifukwa chiyani nkhondo yonse ikugwera nsima? Agogo athu ankadya mitanda itatu n'kukalima mpaka dzuwa pamutu, mimba osatuluka. Ife timadya mitanda yomweyo titakhala pampando tsiku lonse, pamwamba pake tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi, tchipisi cha pachiwaya ndi Fanta. Ndimakana ndithu kuti munthu ayambe ndi kuthamangitsa nsima pamene botolo la Sobo lidakali pa tebulo. Chotsani zotsekemerazo kaye, nsima muichepetse kufika mtanda umodzi, ndiwo zichuluke. Anthu ambiri akatero mutu suwawa n'komwe, komanso pa maliro kapena pa ukwati simukhala mlendo wovuta amene akukana mbale.

Nanga inu muchite chiyani?

Ngati mwasankha kupitiriza, kwa ambiri zowawazi zimatha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Imwani madzi pafupipafupi, ndiwo zikhale ndi mchere wokwanira, ndipo msuzi wa nyama kapena wa mafupa umathandiza mutu. Musadzimane chakudya: usipa, mazira, mapeyala, nkhwani wotendera, therere, chisoso. Masamba amenewa ndi amenenso angakuthandizeni pa kudzimbidwa, komwe kumabwera mukasiya mgaiwa ndi nyemba. Zothamanga ndi kunyamula zitsulo zidikire kaye.

Koma kwathu kuno mutu ndi kuphwanya kwa thupi sitimangozinena kuti ndi dayeti. Kusiya nsima sikutenthetsa thupi. Mukamva kutentha, kunjenjemera kapena mukusanza mosalekeza, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo.

Simunandiuze ngati mukumwa mankhwala, ndipo apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Ngati mumabaya insulin kapena mumamwa mapiritsi a matenda a shuga otchedwa glibenclamide, shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka, chifukwa mlingo wa mankhwalawo anauyeza mukudya nsima. Ngati muli pa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, kuthamanga kwa magazi kukhoza kutsika mopyola, ndipo za kuwonjezera mchere zija si zanu. Oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala impso asayambe okha. Tengani buku lanu la kuchipatala, mukawauze adokotala zimene mwasiya kudya, aone ngati mlingo ukufunika kusintha.